Kodi pemphero limatseka bowo la boti?

Kuno ku Makause, ku Joni, ife ochokera kunyanja tikakhala pansi Lamulungu madzulo, nkhani siichedwa kufika pa boti. Wina akusunga tindalama ta maganyu a ku Primrose kuti akagule lake ku Nkhotakota, wina watumiza kale kwa alamu ake ku Senga Bay. Chikundidetsa nkhawa ndi chikhulupiriro chimene chafala pakati pathu, chakuti boti likangopemphereredwa, kudzozedwa mafuta ndi kulembedwa dzina la Mulungu m'mbali, basi nyanja siingalimeze.

Ine ndine munthu wopemphera, ndipo boti ndili nalo, laling'ono, lamatabwa, la thanga limodzi, akuyendetsa achimwene kumudzi. Wa injini ya Yamaha amanyamuka nthawi imene wafuna, koma wa thanga amadikira, poti mphepo ilibe mwini pansi pano. Mwera ukalusa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umangokhala pamchenga n'kumasoka ukonde, ana akuyang'ana m'poto. Pamenepo ukati "Mulungu akalola" umanenadi zochokera pansi pa mtima. Ichi ndicho ndimalikondera boti langa.

Koma kudalira Mulungu sikutanthauza kumusenzetsa ntchito imene anatipatsa ife. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja yathu, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Sindikhulupirira kuti mwa onsewo munalibe wopemphera. Nyanja ya bata Namalenga sanatilonjeze. Anatipatsa maso, manja ndi nzeru, ndipo kuzinyozera n'kumati tili ndi chikhulupiriro, kumeneko n'kumuyesa.

Pa Germiston Lake pompa ndimaona anthu akubwera ndi timaboti tathanga pa ngolo yokokedwa ndi galimoto. Asanatsitse m'madzi amakoka chingwe chilichonse, amagwedeza chiwongolero, aliyense n'kuvala jekete yoyandamitsa. Amatero pa dziwe loti tsidya lina ukuliona! Ife pa nyanja yotalika makilomita oposa 560, yakuya mamita pafupifupi 700, timakwera chimanjamanja.

Ndiye inu mukufuna kugula, musagule boti poona chithunzi cha pa WhatsApp. Tumani msodzi wamkulu wodziwa nyanja, osati mphwanu wofuna kukusangalatsani. Akalitembenuze, abaye mpeni pa matabwa a pansi. Ukalowa ngati m'papaya lakupsa, lawola limenelo, ngakhale penti ikuwala. Afunse kuti matabwawo ndi a mtengo wanji, pakuti mlombwa ndi mbawa zimapirira madzi, pomwe paini sachedwa kufumbwa. Aone misomali ngati yadyeka ndi dzimbiri, aone ngati thonje ndi phula za m'mipata zikugwirabe, agwedeze mlongoti pamene wakhazikika, atambasule thanga padzuwa. Kenako ligone m'madzi usiku wonse, m'mawa akaone kuti lamwa ochuluka bwanji. Wogulitsa akakana zimenezi, msiyeni. Ndalama musathere pa boti lokha, zina zitsale za majekete, nkhafi yapadera ndi chokapira madzi.

Zonsezi zikatheka, itanani abusa kapena a shehe adzalipempherere, ndipo nanenso ndidzavomereza ndi mtima wonse. Koma abale anga a ku Makause, inu mudzakhala muli kuno ku Joni, okwera botilo usiku popita ku usipa adzakhala ana a eni ake. Chonde musatumize ndalama munthu wodziwa asanaligwire ndi manja.