Kodi Mlonda Alonda Chipata Kapena Mwana?

Pa 6 Julaye 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la Bingu mu Lilongwe kudzaonera mpira waulere. Zipata zinachedwa kutsekulidwa, anthu anayamba kukankhana, ndipo apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi. Anthu 8 anafa mopondedwa, ambiri mwa iwo ana.

Tsono tidzifunse: mlonda aimira chipata kapena munthu? Lamulo nlabwino, pakuti popanda ilo wamphamvu apondereza wofooka. Koma mphamvu imene wapolisi anyamula njobwereka kwa anthu omwewo. Ikaopseza mwana m'malo momtchinjiriza, yataya cholinga chake.

Komabe tisafulumire kuloza chala. Mapazi amene anaponda anawo anali a khamu, ndipo khamulo ndife. Yense anakankha pang'ono pokha, nadziyesa wopanda mlandu. Kaini nayenso anakana udindo wosunga mbale wake, koma Mulungu sanamvomereze.

Ana a ku Kawale, Biwi ndi Mgona adzapitanso ku mabwalo otere. M'miphakati yathu tipangane kuti wamkulu aziwaperekeza, ndipo pakakhala pothinana, tiyambe tanyamula wamng'ono amene ali pafupi nafe, tisanafunse kuti ngwa yani. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.