Tisanatumize Uthenga kwa Ena



Pa 1 July 2018, amuna asanu oyendayenda opempha thandizo anafika pamudzi wa Rainpada, m'boma la Dhule ku India. Linali tsiku la msika. Mmodzi wa iwo anaoneka akulankhula ndi kamtsikana, ndipo posakhalitsa khamu la anthu linawazinga n'kuwamenya mpaka onse asanu anamwalira. Masiku amenewo m'mafoni a anthu munkazungulira mauthenga a pa WhatsApp ochenjeza kuti kwabwera anthu oba ana. Kanema wina amene anafala kwambiri m'dzikomo ankaonetsa amuna awiri panjinga yamoto akunyamula mwana pamsewu. Kanemayo anajambulidwa ku Karachi, ku Pakistan, pofuna kuphunzitsa makolo kusamala ana, koma wina anadula mbali yomaliza imene mwanayo amabwezedwa.

Ambiri amene anatumiza mauthengawo kwa anzawo sanali anthu a mtima woipa. Anali makolo, azakhali ndi aneba amene ankaganiza kuti akuchenjeza abale awo. Ife a kuno sitingawaloze chala, chifukwa tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene anthu osalakwa anataya miyoyo.

Eni ake a WhatsApp anachitapo kanthu. Anaika malire akuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha panthawi imodzi, poyamba ku India, kenako padziko lonse mu January 2019. Zinathandiza, ndipo tisazipeputse. Koma tiyenera kudziwa mmene makampaniwa amapezera ndalama. Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, amapeza pafupifupi ndalama zake zonse kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipirira maso athu ndi nthawi yathu. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula zikalata zam'kati zosonyeza kuti kusintha kumene kampaniyo inachita mu 2018 kunachititsa kuti nkhani zokwiyitsa ndi zogawanitsa anthu zizioneka kwambiri, popeza ndi zimene anthu amaziyankha ndi kuzigawa msanga. Nkhani yakuti mneba wathu ali bwino ndipo akulera ana ake mwachikondi siyenda mtunda. Yakuti wagwidwa ndi mkazi wa mwini imafika ku Johannesburg dzuwa lisanalowe.

Sikuti chipangizocho n'choipa. Mu 1936 Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chikhulupiriro, analemba kuti kudzakhala njira yolumikizira anthu a dziko lonse mwaliwiro lodabwitsa, ndipo anaiwerengera pa zinthu zimene zidzatumikira umodzi wa mtundu wa anthu. Ifenso timakumbutsana za Phwando la Masiku 19 pafoni, timatumizirana mapemphero wina akadwala, ndipo ambiri tabwera pano lero chifukwa cha uthenga wa pagulu. Funso ndi lakuti chala chathu chikutumikira chiyani.

M'buku la malamulo la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh analetsa miseche ndi kunamizira ena m'ndime imodzimodzi imene analetsa kupha ndi chigololo. Ena a ife titamva zimenezi koyamba tinaona ngati zakula kwambiri. Kungonena za munthu kungayandikane bwanji ndi kupha? Nkhani ya ku Rainpada ikutionetsa kuti mtunda wake ndi waufupi. Ngakhale pamene sipanakhetsedwe magazi, pamakhala china chimene chafa: ulemu wa munthu, banja lake, kukhulupirirana kwa anthu okhala dera limodzi. Ndipo m'Kitáb-i-Íqán timaphunzira kuti woyamba kuvulala ndi wonenayo, chifukwa miseche imazimitsa kuwala kwa mtima wake.

Pali mawu amene timadzitonthoza nawo: "Sindinalembe ndine, ndangotumiza." Koma kale miseche inkafuna munthu woinyamula kuchoka kuchitsime kupita nayo kumsika, ndipo wonyamulayo tinkamudziwa dzina lake, kazitape. Lero ntchito imeneyo ikugwiridwa ndi chala. Mawu ena ndi akuti, "Komatu ndi zoona." Miseche sikhala bodza nthawi zonse. Kufalitsa zolakwa za munthu iye palibe ndi miseche ngakhale zitakhala zoona. Zikakhala zabodza, tawonjezapo kunamizira. Chithunzi cha macheza a anthu awiri chimene wina wajambula n'kuika pagulu, mawu amene mayi wina anajambula ali ndi mkwiyo, kanema wa mnyamata ataledzera pamaliro, zonsezi ndi zolakwa za anthu amene sali pomwepo kuti adziyankhire. Zakuchitsime zinkaiwalika mvula ikagwa. Zapafoni siziwola; mwana wa munthuyo adzazipeza atakula.

Izi sizikutanthauza kuti tizibisa zoipa. Ngati mwana akuzunzidwa kapena ndalama za gulu zikubedwa, nkhaniyo ili ndi koyenera kupita: kupolisi, kwa amfumu, ku Bungwe Lauzimu. Kuitula kwa amene angaikonze n'kosiyana ndi kuimwaza kwa anthu 200 amene adzangoseka n'kuitumiza kwina.

'Abdu'l-Bahá analangiza kuti wina akayamba kunena zoipa za munthu amene palibe, omvetsera amuletse mwachikondi ndi mwauzimu, pomufunsa ngati kunenako kungapindulitse aliyense. Pakhonde zimenezi n'zovuta kale. Pagulu la banja, pamene wotumizayo ndi amalume anu ndipo anthu 40 akuona, n'zovuta koposa. Kuwadzudzula pagulu pomwepo kungakhale kuwachitira zomwe tikuletsazo. Mwina ndi bwino kuwaimbira paokha n'kunena kuti, "Amalume, nkhani ija mwaitsimikiza? Ana a mayi aja alitu pagulu pomwepa." Mwina sangasangalale, ndipo tiyenera kukonzekera zimenezo.

Tisanapitirire ku gawo lotsatira la buku lathu, aliyense amene ali ndi foni aitsegule payekha, osaonetsa mnzake, ndipo aone mauthenga khumi omaliza amene anatumiza kwa ena. Ndi angati amene akukamba za munthu amene sanali pagulupo? Ndi angati amene tinawatsimikiza tisanatumize? Amene alibe foni aganizire nkhani zimene anamva kwa ena sabata ino n'kuzifotokozanso. Kenako tikambirane, popanda kutchula dzina la munthu aliyense, mawu amene tingagwiritse ntchito poletsa munthu wamkulu kwa ife popanda kumuchititsa manyazi.