Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe: Mlezi ndi Mpingo Wake ku Phalombe

Mwambi wakuti "mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye" susowa pakamwa pa akuluakulu a mipingo ndi mafumu akamayamikira amayi amene amalera ana m'sukulu za mkombaphala, koma chokwiyitsa n'chakuti ambiri amaudula pakati, natchula mbali yoyamba imene imasenzetsa wolera udindo, n'kumeza mbali yachiwiri imene imamulonjeza gawo lake. Makolo amene anaupanga mwambiwu sankapempha chikondi chaulere, chifukwa ankadziwa kuti wolera mwana wa wina amataya nthawi ya kumunda, ndipo anaonetsetsa kuti m'mawu omwewo muli chiyembekezo chakuti tsiku lina wolerayo adzadya nawo zipatso za ntchito yake.

Amayiwa amadziwika ndi dzina lakuti alezi, ndipo malo amene amagwirako ntchito, omwe m'mabuku a boma amalembedwa mwachidule kuti CBCC, ndi sukulu zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi eni ake, zolandira ana a zaka zitatu mpaka zisanu asanakalembetse Sitandade 1 pa zaka zisanu ndi chimodzi. Bungwe loyang'anira sukulu za ana aang'ono linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1970, pomwe sukuluzi zinkapezeka kwambiri m'matauni, koma zinafalikira kumidzi m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anasiya ana amasiye ochuluka kuposa amene agogo awo akanatha kuwasamalira. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003, ndipo ntchitoyi ili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Kuyambira pachiyambi, dongosolo lonse linamangidwa pa msana wa munthu wongodzipereka, amene ngati ali ndi mwayi amaphunzitsidwa kwa masabata awiri, ndipo ngakhale boma linayamba m'zaka zapitazi kupereka kangachepe kwa ena mwa ophunzitsidwawo, alezi ambiri mwezi ukatha salandira kanthu.

M'boma la Phalombe, lomwe linapatuka ku Mulanje mu 1998 ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 400,000, sukulu zambiri zotere zilibe nyumba yakeyake, choncho ana amasonkhana m'tchalitchi mkati mwa sabata, kapena m'chisakasa cha udzu pafupi ndi tchalitchicho. N'chifukwa chake mlezi nthawi zambiri amakhala mayi wa Mvano ngati ndi wa CCAP, mayi wa kumphakati ngati ndi Mkatolika, kapena wa Dorika ngati ndi wa Sabata. Iye amalawirira ku mjigo dzuwa lisanatuluke, amasesa, amaika ana pamzere kuti asambe m'manja pa mpondagiya, n'kuwaphunzitsa kuwerenga mpaka khumi pogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo ndi timiyala, popeza zidole zogula kulibe ndipo mpira ndi chikulunga cha mapepala apulasitiki. Mwana wa zaka zitatu akadziyipitsira, ndi mlezi amene amapita naye kuseri, kumutsuka, ndi kumufunditsa chitenje chake chomwe mpaka kabudula atauma, ndipo amachita zimenezi mwakachetechete kuti anzake asamuseke. Anthu amene amakonda kulankhula za chikondi cha pa ana ali paguwa akanachita bwino kuima kaye kuseri kumeneko.

Chimene chimam'bweretsa mayiyu m'mawa uliwonse popanda malipiro ndi chikhulupiriro chake, ndipo iye sabisa. Phala likapsa, ana amatsinzina n'kubwereza pemphero lalifupi makapu ali m'manja; amaphunzira nyimbo za Sande sukulu zowomba m'manja; amamva nkhani ya Yesu akudzudzula ophunzira ake chifukwa chothamangitsa tiana, monga ilili m'mutu 10 wa Uthenga wa Marko. Alipo ena, makamaka a maofesi a m'tauni, amene amaona zimenezi ngati kusokoneza maphunziro ndi chipembedzo, koma maganizo awo ndi opepuka, chifukwa amafuna kusunga ntchito ya mlezi n'kutaya chimene chikumugwiritsa ntchitoyo. Ndiponso mwana wa zaka zinayi satola ziphunzitso zozama za mpingo. Chimene amatola n'chakuti pali munthu wamkulu amene si mayi ake, amene amamudziwa dzina, amafunsa akajomba, ndipo amanena kuti Mulungu amamukonda ngakhale abwere wopanda nsapato.

Mwezi wa Malichi 2023 unayesa chikondi chimenechi koopsa. Namondwe wa Freddy, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a Mulanje ndi Michesi, monga anachitira napolo wa mu 1991, ndipo dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe linali limodzi mwa madera amene anasakazidwa kwambiri, mpaka misewu yopitako inaduka. Matchalitchi ndi sukulu zimene zinatsala chilili zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo mlezi, amene nayenso munda wake wa chimanga ndi nandolo unakwiririka ndi mchenga, anapezeka ali pakati pa ana amene ankanjenjemera mvula ikangoyamba kuwaza padenga. Ntchito yotonthoza ana oterewa akatswiri amaipatsa mayina aatali m'malipoti awo, koma m'midzi yambiri woyandikira kwambiri ana aja anali mayi yemweyo wa nyimbo ndi mapemphero, amene palibe amene anam'funsa ngati kunyumba kwake kwatsala ufa.

Apa m'pamene kudula mwambi kumaonekera kuipa kwake. Mlezi akadandaula kuti wasowa sopo, kapena kuti masiku amene amakhala ndi ana anzake amakhala ali pa ganyu kapena akugulitsa mpendadzuwa pa msika wa Migowi, yankho lofala ndi lakuti umenewu ndi utumiki ndipo mphoto yake ili kumwamba. Yankho limeneli limatuluka mosavuta m'kamwa mwa anthu amene iwo eni sayembekeza kumwamba kuti alandire zawo. Malemba omwewo amene mlezi amaphunzitsa ana amanena poyera, mu Luka 10 ndi mu 1 Timoteo 5, kuti wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro ake, ndipo n'zodabwitsa kuti mavesi amenewa amakumbukiridwa msanga pokamba za nyumba ya abusa kusiyana ndi pokamba za mayi amene akudzazira mpingo ana a Sande sukulu. Zotsatira zake zimadziwika: mlezi wophunzitsidwa amatopa n'kusiya, sukulu imatsekedwa m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale pomwe ana akufunitsitsa phala, ndipo wolowa m'malo amayambanso wopanda maphunziro.

N'zoona kuti mwambiwu uli ndi malire ake, ndipo ena mwa alezi amawapyola. Mwana ngwako yemwe, koma sasiya kukhala wa mnzako; choncho mlezi amene amauza mwana wa Msilamu, kapena wa mpingo wina, kuti makolo ake ndi otayika, walakwira mwanayo ndi makolo ake omwe, komanso waphwanya ufulu wa chipembedzo umene gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza. Dziko lino linaona kale mkangano wa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale mu 2000, ndiponso wa hijabu m'sukulu za mipingo, umene unathetsedwa ndi mgwirizano wa mu 2021 motsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, ndipo palibe chifukwa chotsitsira mikangano yotere kwa tiana tosatha kumanga zingwe za nsapato. Alipo ndithu alezi okonda kakwapu, ndi ena amene ufa wa phala umawatsatira kunyumba. Koma otere ndi ochepa, ndipo mudzi umene sunam'patsepo mlezi ngakhale ndowa imodzi ya chimanga uyenera kuchepetsa mawu poweruza za ufawo, ngakhale kuba kuli kuba ndithu.

Mwina wina anganene kuti lonjezo lakuti "udya naye" limakwaniritsidwa mwana akakula n'kupeza ntchito, koma mwana wa ku Phalombe akakula amapita ku Blantyre, ku Mozambique kapena ku Joni, ndipo ndalama imene amatumiza pa foni imapita kwa mayi ake omubereka. Amene angathe kukwaniritsa lonjezolo lero ndi komiti ya makolo, mfumu ya m'mudzi imene ingapereke munda wa sukulu n'kuonetsetsa kuti walimidwa, ndi mpingo umene chaka chilichonse umatolera zopereka za masika, matumba a chimanga, nandolo ndi mpunga wa ku Chilwa, n'kuwagawa pa msonkhano wa akulu a mpingo popanda dzina la mlezi kutchulidwapo.