Thumba langa la ufa ndilipereke m'manja mwa yani?

Chakudza sichiimba ng'oma, ana anga. Namondwe wa Freddy atafika m'mwezi wa Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, midzi inakokoloka ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo anthu oposa 500,000 anasowa pokhala. Amalawi sanaumire. Wina anatapa ufa, wina anatulutsa bulangete, a kunja anatumiza ndalama. Chimene chinkavuta n'chakuti tipereke kudzera kuboma kapena kumabungwe.

Kukayikaku kuli ndi gwero. Mu 2021, kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaulula kuti ndalama zina zinathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko, pamene odwala ankamwalira posowa mpweya. Nduna ina inachotsedwa, ena anamangidwa, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chaka chomwecho a Onjezani Kenani ndi anzawo anasonkhetsa ndalama kwa anthu wamba, nagulira zipatala masilinda a mpweya, uku akulengeza poyera zolowa ndi zotuluka. Anthu anapereka mosanyinyirika poti ankaona ndi maso komwe thukuta lawo likupita.

Komatu si bungwe lililonse loyera m'manja. Alipo ena okonda msasa wa m'mbali mwa msewu, pofika galimoto ndi wojambula, pamene a ku Makhanga ku Nsanje, amene madzi akasefukira amafikidwa pa bwato kapena pa helikopita, akugona ndi njala. Msasa umodzi kulandira katatu, wina osaona ndi ndowa yomwe! Zimenezi zimandiwawa.

Mutu umodzi susenza denga. Mlatho wokokoloka sungamangidwe ndi chopereka cha mpingo. Kutumiza asilikali kukapulumutsa anthu, kupeza malo okwera oti a kuchigwa cha Shire asamukireko, kusunga kaundula wa misasa yonse kudzera ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, zonsezi ndi ntchito za boma, ndipo msonkho wake tinapereka kale pogula sopo ndi shuga.

Tsono ine thumba langali ndimapereka ku Red Cross kapena kumpingo umene umawerenga malipoti pamaso pa anthu, bola ugawe mogwirizana ndi ofesi ya DC. Inunso perekani, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma mukapereka musakhale chete. Funsani lisiti, funsani dzina la msasa, ndipo phungu wanu akabwera, akuuzeni komwe ndalama za ngozi zinapita.