Mfundo zofunika za pa benchi la m'tiyirumu ku Katete

Munthu wofuna nyumba yomwera khofi ngati za ku Lusaka, zija zokhala ndi makina ofuka nthunzi ndi achinyamata oweramira pa kompyuta, adzavutika kuipeza ku Katete. Khofi wa m'Zambia amalimidwa kutali, cha ku Kasama ndi ku Mazabuka, ndipo wambiri amagulitsidwa kunja kwa dziko. Kuno chimene chimasonkhanitsa anthu m'mamawa ndi tiyi. Pa Katete Stores, pafupi ndi pomwe msewu wa ku Chanida umapatukira kuchoka mu Great East Road, pamsika wa ku Sinda, ngakhale pa timisika ta ku Vubwi kufupi ndi malire a Malawi, mudzapeza kanyumba ka malata kapena chisakasa, mbaula ya malasha, ketulo yoda ndi mwaye, beseni la vitumbuwa lovindikira ndi nsalu, ndi benchi. Pa benchi limenelo ndi pamene pali nkhani yanga. Kapu ya tiyi imakugulira malo pakati pa anthu, ndipo malowo ali ndi udindo wake umene ambiri a ife sitiuganizira.

1. Mtengo wa kapu ndi umodzi, ndiye ulemu ukhalenso umodzi.

Malo amene mphunzitsi, wopalasa njinga yonyamula anthu, mlimi wa thonje ndi kalaliki wa ku Boma amakhala mogundana mawondo ndi ochepa. Kutchalitchi aliyense ali ndi mbali yake. Pamaliro akuluakulu amakhala pamipando, ena pansi. M'tiyirumu benchi ndi limodzi, supuni ya shuga ndi imodzi, ndipo woyamba kufika ndiye woyamba kuthiridwa. Zimenezi sizinayambe ndi ife. Ku London nyumba yoyamba yomwera khofi inatsegulidwa mu 1652, ndipo munthu akalipira kakobiri kamodzi ankakhala pamodzi ndi amalonda, olemba mabuku ndi eni zombo, n'kumamva zonse zokambidwa. Mfumu Charles II inaopa makambirano amenewo mpaka inalamula mu 1675 kuti nyumbazo zitsekedwe, koma anthu anadandaula kwambiri ndipo lamulolo linachotsedwa patangopita masiku ochepa.

Chimandipweteka ndi kuona munthu wovala jekete akudumpha mzere, kapena akuitana mwini malo kuti “iwe” pamene mayiyo ndi msinkhu wa amayi ake omubala. Amene wabwera wopanda nsapato walipira ndalama yomweyo imene walipira iyeyo. Pa benchi lomwelo amakhalanso anthu a zipani zosiyana. Akangane mmene angathere za feteleza wa FISP ndi za mtengo wa ufa, koma pochoka atsanzikane, chifukwa mawa m'modzi wa iwo adzafuna mnzakeyo kuti amuthandize kukumba manda.

2. Mlendo wa pa benchi wasenza zimene sitikuziona.

Katete ndi malo a anthu odutsa. Oyendetsa malole ochokera ku Tete ndi ku Beira amalowera pa Chanida. Mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata amaima pano. Kumapeto kwa Ogasiti, pa mwambo wa Kulamba, Achewa a ku Malawi ndi a ku Mozambique amadzaza misewu yopita ku Mkaika kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo maketulo sazizira usana ndi usiku.

Koma alendo amene amandikhudza mtima kwambiri ndi a ku St Francis. Chipatala chimenechi, chomwe chinayamba mu 1948 ndipo amachiyendetsa pamodzi a Anglican ndi a Katolika, chimalandira odwala ochokera m'maboma ambiri a kuno kummawa. Wodwala aliyense amabwera ndi womudikirira: mayi, mlongo, mkamwini, mdzukulu. Anthu amenewa amagona movutika, ndalama imatha msanga, ndipo m'mawa mudzamuona wina atakhala kumapeto kwa benchi ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka, osagula chitumbuwa, maso ali pansi. Sadzakuuzani kuti usiku wathawu adokotala ananena mawu olemera. Kungomufunsa kuti “Mwauka bwanji, amayi? Nanga odwala agona bwanji?” kumamudziwitsa kuti pali wina amene wamuona. Ngati m'thumba muli kangachepe, uzani mwini malo chamunong'onong'o kuti awonjezere banzi pa ndalama yanu, osachita kulengeza. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ndi mabanja ochepa a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene sanadikirirepo wodwala pachipatala chimenechi.

3. Mtengo umene wamva, uuze mnzako.

Nyengo yokolola ikafika, tiyirumu imasanduka msika wa mauthenga. Pano ndi pamene mlimi amamva kuti a FRA atsegula liti malo ogulira chimanga, kuti kampani ya thonje ikugula pa mtengo wanji, kuti ogula nsawawa a ku Sinda akupereka zingati pa meda, ndi kuti sikelo ya ndani imaba. Amene analima soya mu 2023, chaka chimene mtengo wake unagwa kwambiri, akudziwa kuwawa kwa kugulitsa thukuta la chaka chonse pa ndalama yosabweza ngakhale ya mbewu. Ogula amadziwa mitengo ya ku Chipata ndi ku Lusaka kudzera pa foni, pamene mlimi wa kumudzi nthawi zambiri amadziwa mtengo umodzi wokha, wa munthu amene waimika galimoto pakhomo pake. Choncho kubisa mtengo wabwino kuti ukagulitse wekha ndi kuthandiza wobera. Ku London kuja, msika waukulu wa inshuwalansi wa Lloyd's unayambira m'nyumba ya khofi ya Edward Lloyd, kumene eni zombo ankauzana nkhani za panyanja. Alimi asanu amene agwirizana pa kapu ya tiyi kuti agulitsire pamodzi ndi kubwereka ngolo imodzi akuchita chinthu cha mtundu womwewo.

4. Si zonse zomveka pa benchi zoyenera kupita nazo kunyumba.

Apa ndikhalitsapo, chifukwa chinthu chomwecho chimene chimapangitsa malowa kukhala okoma ndi chimenenso chimawononga anthu. Pakamwa pofunda ndi tiyi pamamasuka. Wina anena kuti anaona mkazi wa uje akutuluka kuchipatala ndi kabotolo ka mankhwala. Wina awonjeza kuti n'chifukwa chake waonda. Pofika masana, mudzi wonse “wadziwa” matenda ake, pamene mwina mayiyo anakatengera apongozi ake mankhwalawo. Ndipo ngakhale atakhala ake, walakwa chiyani? Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika akusamala moyo wake ndi wa banja lake. Miseche yotere ndi imene imachititsa ena kukatengera mankhwala kutali kumene sadziwika, ena kusiyiratu kumwa.

Choopsa kuposa pamenepa ndi nkhani ya ufiti. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, kapena mnzathu akakolola matumba ambiri kuposa oyandikana naye munda, dzina la munthu limayamba kutchulidwa motsitsa mawu. Kawirikawiri dzinalo limakhala la nkhalamba yopanda woiteteza. Lamulo la dziko la Zambia lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa, nyumba itapsa kale. Amene angaimitse nkhani yotere pamene ikubadwa ndi munthu wa pa benchi pomwepo. Sipafunika ulaliki. Funso limodzi likwanira: “Achimwene, munaona ndi maso anu?” Ndaonapo funso limeneli likuziziritsa nkhani imene inali itayamba kale kutentha, anthu n'kubwerera ku za mpira.

Pali kusiyana pakati pa miseche ndi nthabwala. Dalaivala wachibemba akalowa n'kuyamba kutinena ife a kummawa za mbewa, ife n'kumubwezera za anyani, chimenecho ndi chimbuya, ndipo onse awiri amatuluka akuseka chifukwa wonenedwayo ali pomwepo ndipo ali ndi pakamwa poyankhira. Miseche imakonda munthu amene palibe.

5. Ngongole ya tiyi ndi ngongole ndithu.

Tiyeni tiwerenge ntchito ya mayi amene amatithirira. Amadzuka nkhuku zisanalire kachiwiri kuti akande ufa wa vitumbuwa. Amagula malasha, mafuta ophikira, masamba a tiyi, mkaka, shuga wa ku Nakambala, sopo wotsukira makapu, ndipo ngati ali pamsika amalipiranso msonkho wa khonsolo. Phindu lake pa kapu imodzi ndi laling'ono zedi, moti anthu ochepa okha akamwa osalipira, tsiku lonse wagwira ntchito yaulere. M'chaka cha chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, zinthu zinakwera mtengo, magetsi ankazima maola ambiri chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ndipo ofuna malasha anachuluka. Mayi wa tiyi sakanatha kukweza kapu mofanana ndi kukwera kwa zinthuzo, chifukwa omwa ake ndi alimi omwewo amene chimanga chinawapserera m'munda.

Komabe amakongoza. “Lembani, amayi, ndidzapereka ndikagulitsa thonje.” Amalemba m'kabuku kake, chifukwa amakudziwa, amadziwa amayi ako, ndipo sangathe kuona munthu akupita kuganyu m'mimba muli pululu. Chifundo chimenechi ndi chimene chimagwetsa matiyirumu ambiri. Thonje likagulitsidwa, wokongola uja amayamba kudzera njira ina, kapena amakamwera kwa mayi wina tsidya la msewu. Mwini malo akalephera kuponya chilimba, amakatenga kaloba, ndipo kaloba akangolowa pakhomo, ketulo imatsala pang'ono kugulitsidwa.

Amuna ambiri amaona ngongole ya feteleza ngati yeniyeni, ya tiyi ngati yamasewera, poti ndi ndalama zing'onozing'ono ndipo mwini wake ndi mzimayi amene sangawatengere kubwalo. Kuganiza kotere n'kulakwa. Ngati simungathe kubweza yonse, pitani mukaonekere nkhope, mupereke theka, munene tsiku la yotsalayo. Ndipo ife ena amene timakhala pa benchi limodzi ndi wokongolayo tisamachite ngati sitikudziwa. Mnzathu akagula foni yatsopano dzina lake likadali m'kabuku, kumukumbutsa ndi ntchito yathu.

6. Madzi otsukira makapu ndi nkhani ya moyo.

Tiyi wowira bwino savuta. Chimavuta ndi beseni limodzi la madzi limene latsuka makapu kuyambira m'bandakucha, ndi manja ogwira ndalama kenaka n'kugwira chitumbuwa. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anapha anthu mazanamazana m'dziko muno, anachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka Febuluwale 2024, ndipo bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala. Mwini malo asinthe madzi, aike chigubu ndi sopo pakhomo, agwiritse ntchito foloko kapena pepala potola vitumbuwa. Wakumwa naye asambe m'manja, ndipo asakwiye kapu ikakwera pang'ono chifukwa cha sopo ndi madzi a pamjigo.

7. Dzuwa likakwera, benchi lisiyidwe.

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, masiku obzala ndi owerengeka. Bambo amene amakhala pa nsolo kuseri kwa tiyirumu mpaka masana, mkazi ndi ana ali ndi makasu kumunda, akudya nthawi ya anthu ena. Kucheza n'kwabwino kwa amene wagwirako ntchito kapena akupita kukaigwira.

8. Ophika tiyi ndi amayi, koma okhala pansi n'kumwa ndi abambo.

Yang'anani bwino m'matiyirumu athu. Mzimayi ali pa mbaula, mtsikana akutsuka makapu, ndipo pa benchi pali amuna okhaokha. Mzimayi akalowa yekha n'kuitanitsa kapu, maso onse amatembenuka, ndipo ena amayamba kufunsana kuti akudikira ndani. Chimenechi n'chodabwitsa pakati pa Achewa, anthu amene mbumba ndiyo mwini mudzi, amene ufumu umatsata kuchikazi, ndipo m'maboma athu omwewa mipando ina ya ufumu, monga ya Kawaza ndi ya Nyanje, yakhalidwapo ndi amayi. Mayi amene wapalasa njinga kuchokera kumudzi ndi dengu la tomato watopa mofanana ndi mwamuna aliyense. Nkhani za mitengo ya soya ndi nsawawa zimamukhudza kwambiri, popeza nsawawa zambiri kuno amalima ndi kusenda ndi amayi. Akamatsalira kunja, uthenga umene ukanamuthandiza pogulitsa umamudutsa. Kumusunthira malo n'kunena kuti “Fikani, amayi, khalani apa” sikuchotsa ulemu wa mwamuna aliyense.

Za mtsikana wotsuka makapu uja, funsani zaka zake. Kuyambira mu 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka kusekondale, ndipo Kalonga Gawa Undi wakhala akudzudzula maukwati a ana ndi kulimbikitsa kuti atsikana aphunzire. Mwana kuthandiza amayi ake m'mamawa kapena Loweruka si mlandu, ndipo ambiri anaphunzirira pomwepo kuwerengera ndalama. Koma ngati ndi Lachiwiri, nthawi ya 10 koloko, belu la sukulu linalira kalekale iye akadali pa beseni, ife amene tikumwa tiyi wake tili ndi mbali pa nkhaniyo. Amuna ena amamulankhula mawu amene sangalole kuti mwana wawo alankhulidwe, ndipo ena tonse timangoyang'ana m'kapu. Munthu wamkulu m'modzi anene poyera kuti “Ameneyu ndi mwana, musiyeni.” Kenaka, anthu atachepa, afunse amayi ake mwaulemu chimene chikumulepheretsa kupita kusukulu. Nthawi zina ndi yunifolomu, nthawi zina nsapato kapena makope, zinthu zimene anthu asanu omwa tiyi pamalopo tsiku ndi tsiku angathe kusonkherana mwezi usanathe.