Lamulungu Lachiwiri la Pasaka: Tomasi ndi Okayika za Kusintha kwa Nyengo

Mthenga Wabwino wa lero (Yohane 20:19-31) ukufotokoza za mtumwi Tomasi, amene panalibe pamene Ambuye Yesu anaonekera ophunzira awo madzulo a tsiku la Pasaka. Anzake atamuuza, iye anakana kuvomera mpaka ataona yekha zipsera za misomali. Patapita masiku 8, Ambuye anabweranso. Sanamuthamangitse, koma anamuonetsa mabala awo, ndipo Tomasi anagonja nakhulupirira. Chikayiko chake chinali chofuna umboni, ndipo umboniwo utabwera sanautembenukire msana.

Masiku ano pali nkhani imene akhristu ambiri amaikayikira, ya kusintha kwa nyengo. Imamveka m'minibasi, pa maliro, ngakhale pa misonkhano ya mphakati. Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudate Deum ya pa 4 Okutobala 2023, anavomereza kuti okayika alipo ndithu ngakhale mu Eklezia. Si bwino kuwanyoza. Ayenera kumvedwa ndi kuyankhidwa, monga Ambuye anachitira ndi Tomasi.

Ena amati nyengo yakhala ikusintha kuyambira kalekale. Amakumbutsa za Napolo amene anadutsa ku Zomba mu 1946, njala ya 1949, ndi madzi amene anakokolola midzi ku Phalombe mu 1991. Zimenezi n'zoona. Koma chimene akatswiri akuloza ndi liwiro la kusinthako. Mu 1896, katswiri wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengera kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka m'mlengalenga, dziko limatentha, chifukwa mpweyawu umatsekereza kutentha ngati bulangeti. Kuyambira 1958 mpweyawu wakhala ukuyezedwa pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo ukukwera chaka ndi chaka. Mafakitale asanayambe, unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya. Lero wadutsa 420, makamaka chifukwa chowotcha malasha, mafuta ndi gasi. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chochuluka, n'chifukwa chake mvula ikagwa imagwa yamphamvu kuposa kale. Akatswiriwo sanena kuti namondwe aliyense amabwera chifukwa cha zimenezi. Amati anamondwe amene akanabwerabe akudza ndi madzi ambiri.

Ena amati mvula ndi dzuwa zili m'manja mwa Mulungu, munthu sangazisinthe, ndipo amatchula lonjezo limene Nowa analandira chigumula chitatha. Kukhulupirira kuti Mulungu ndiye mwini chilengedwe n'koyenera. Koma buku lomwelo la Genesis limati munthu anaikidwa m'munda kuti aziulima ndi kuusamala. Mulungu salephera kusunga lonjezo lake, koma sachotsa zotsatira za ntchito za munthu. Wodula mitengo yonse m'phiri sangaloze chala kumwamba matope akatsikira m'nyumba. Yosefe ku Ejipito atadziwa kuti njala ikubwera sanapinde manja. Anamanga nkhokwe, ndipo chimenecho chinali chikhulupiriro chake.

Chikayiko chachitatu n'cholemera kwambiri, ndipo muli choonadi chambiri. Anthu amafunsa kuti: mayiko olemera anatukuka ndi malasha ndi mafuta, nanga bwanji lero akuletsa mayiko osauka kuchita chimodzimodzi? Africa yonse imatulutsa mpweya woipawu wosakwana magawo 4 pa 100 alionse a dziko lapansi, ndipo Amalawi ambiri alibe n'komwe magetsi m'nyumba zawo. Papa Francis nawonso anadzudzula amene amakankhira mlanduwu kwa osauka, ndipo mu Laudato Si' ya 2015 anaphunzitsa kuti mayiko olemera ali ndi ngongole ya chilengedwe kwa mayiko osauka. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza amene aonongekeredwa. Kufunsa ngati ndalamazo zikufikadi kwa ovutika, kapena kutsutsa ndondomeko ya magetsi imene ikupsinja osauka, si tchimo. Akhristu angasiyane maganizo pa njira yabwino yopezera magetsi. Koma kusalungama kwa olemera sikusandutsa muyeso wa kutentha kwa dziko kukhala bodza. Wokana kuti vutolo lilipo amadzilanda yekha mphamvu yofunsira chipukuta misozi.

Tomasi anapempha kuona mabala, ndipo dziko lino lili nawo. Mu Januwale 2022, namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 a magetsi. Magetsi atayamba kuzimazima, mabanja ambiri a m'tauni anathamangira ku makala, mitengo n'kumathera m'mauvuni. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pa ngozi ngati imeneyi pamakumana zinthu zingapo: mvula yoposa muyezo, mapiri opanda mitengo, ndi umphawi umene umakankhira anthu kumanga malo oopsa. Choyambacho gwero lake lili kutali, koma ziwiri zinazo zili pakhomo.

Apa m'pamene mkhristu wa m'tauni ayenera kudzifunsa. Thumba la makala limene limafika pa njinga m'bandakucha linali mtengo dzulo lake, ndipo wolikwiza zitunda uja akungofuna ufa wa ana ake. Mlandu si wake yekha, pakuti wopanda wogula sakanawotcha. Banja limene lingathe kugula gasi kapena kuphikira magetsi lingachepetse makala. Limene silingathe lingagwiritse ntchito chitetezo mbaula, imene imadya nkhuni zochepa. Mphakati ungadzale mitengo ndi kuisamala mpaka itakula, osati kungoidzala tsiku la mwambo. Ungathandizenso mabanja okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri kumvera machenjezo a zanyengo. Zimenezi n'zabwino ngakhale kwa amene akukayikabe, chifukwa mtengo umagwira dothi posayang'ana maganizo a woudzala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho kufunsa n'kwabwino. Choopsa ndi kufunsa kwa munthu amene watseka kale makutu poopa kuti yankho limusinthitsa khalidwe. Tomasi anakhalabe pakati pa abale ake, anayang'ana mabala, ndipo anasintha. Ambuye wouka kwa akufa apatse ana awo mtima wofunafuna choona, ndi chifundo kwa onse amene analira abale awo m'matope. Amen.