Posankha Koleji: Tifunse za Dzina Kapena za Utumiki?

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, m'makomo mwathu kuno ku Mwanza mumabuka funso limodzi: mwanayu apita kuti? Kawirikawiri timathamangira dzina la sukulu loti tikalitchula pamsika kapena pamaliro, anthu agwedeze mutu. Tisanagulitse mbuzi kapena kubwereketsa munda wa manachesi, tiyeni tilingalire zimene Chikhulupiriro chathu chimatiphunzitsa.

Bahá'u'lláh analamula kuti aliyense akhale ndi ntchito kapena luso lodzidyetsera, ndipo anaika ntchitoyo pa mulingo wa kupembedza Mulungu. 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti chimene chimakweza ntchito ndi mzimu wa utumiki umene munthu akuigwirira. Ngati zili choncho, namwino wa pa chipatala cha boma cha Mwanza, mphunzitsi wa ku Thambani ndi makaniko wokonza magalimoto akuluakulu odutsa pachipata cholowera ku Zobue, onsewo ali pa kupembedza akamagwira ntchito yawo mokhulupirika. Mulungu sayamba wafunsa chidindo cha pa satifiketi yawo.

Mayina a sukulu amasintha. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College ku Zomba inatsala ndi dzina la UNIMA. Koma luso limene munthu anaphunzirako silinasinthe. Sitikunyoza sukulu zotchuka ayi. Mwana amene mphatso yake ili kumeneko apite ndi madalitso athu. Tikungokumbutsana kuti njira zilipo zambiri: LUANAR ya zaulimi, MUST ku Thyolo, Yunivesite ya Mzuzu, Domasi College of Education, Malawi College of Health Sciences, ndi sukulu za ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa, kumene TEVETA imayang'anira maphunziro a zamagetsi, ukalipentala ndi umisiri wina.

Tisankhe bwanji nanga? Choyamba, tione mphatso ya mwanayo. Zolembedwa Zoyera zimatiphunzitsa kuti mwa munthu aliyense muli chuma chobisika chimene maphunziro amachitulutsa. Mwana wokonda kumezanitsa mitengo ya zipatso tikamukakamiza za udokotala chifukwa cha ulemu wathu, tikukumba pamene palibe chuma chake.

Chachiwiri, tinene zoona pa za ndalama. Kupatula fizi, pali lendi, chakudya, thiransipoti ndi mabuku, ndipo si kwa chaka chimodzi chokha. Ngongole ya boma ya ophunzira ilipo, koma salandira aliyense, ndipo iyenera kubwezedwa. Mwana kusiyira panjira chaka chachiwiri, munda utagulitsidwa kale, ndi chilonda cha banja lonse.

Chachitatu, tifufuze ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezedwa ndi bungwe la NCHE. Chikwangwani chowala ndi malonda a pa wailesi si umboni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chachinayi, tifunse: maphunzirowa adzathandiza yani? Manachesi athu amatsika mtengo ndi kuwola akapsa onse nthawi imodzi. Sukulu zathu zakumidzi zikufuna aphunzitsi okhazikika. Mwana wosankha akuganiza za zosowa ngati zimenezi wapeza chifukwa cholimbikira ngakhale maphunziro atavuta.

Mafunsowa sayankhidwa ndi bambo okha kapena malume okha. Bahá'u'lláh anatipatsa njira ya kukambirana: tiyambe ndi pemphero, aliyense alankhule momasuka ndi mwaulemu, ndipo mwini wake wa maphunziroyo amvedwe. Mutu umodzi susenza denga. Tikumbukirenso kuti m'ziphunzitso zathu, ndalama zikachepa moti ana onse sangaphunzire, mwana wamkazi ndiye ayambe, pakuti adzakhala mphunzitsi woyamba wa ana ake. Si bwino kuthera zonse pa dzina la koleji ya mnyamata, mlongo wake n'kutsalira kudikira ukwati.

Inu achinyamata amene simunasankhidwe kumene munkafuna, musadzione otsalira. Mlingo wanu ndi khalidwe lanu ndi phindu limene mudzabweretse kwa anthu.

Tikambirane pagulu lathu:

1. Tikamafunira mwana koleji yotchuka, tikufuna ubwino wake kapena ulemu wathu? Tingasiyanitse bwanji?
2. Ndi ntchito ziti zimene mudzi wathu ukuzisowa, ndipo zimaphunziridwa kuti?
3. Ndi wachinyamata uti amene tingakhale naye pansi sabata ino, n'kumuthandiza kufufuza asanalembe fomu?